ZA ABALE ATHU OPITA KU NCHITO KU JONI, NDI MATENDA A PA ULENDO

Kwa Mafumu athu olemekezeka, ndi kwa mamembala onse a Bungwe lathu.

Tirikulemba kalata iyi msonkhano usanafike, kuti yense adze ataiganizira kale nkhani imene yatibvuta ife a Komiti. Ngwosowa mudzi m'dziko lino umene sunatumizepo mwana wace ku Joni. Sitinena kuti anyamata aleke kupita, pakuti malata, fetereza ndi fizi za ana zambiri zacokera kumeneko. Koma tinena kuti ena abwera m'bokosi cifukwa ca matenda amene akadapewedwa, ndipo ndalama zonyamulira mtembo zatha cuma ca mabanja ao.

Bvuto ili si la lero. Masiku a Wenela anthu a maiko otentha ngati lathu anafa ambiri ndi cibayo m'migodi ya golide, kotero kuti m'caka ca 1913 Boma la South Africa linaletsa kulemba anthu a kumpoto kuno. Pamene njira inatsegukanso, makolo athu anabwera ndi masutukesi ndi njinga, komanso ndi pfumbi la miyala m'mapapu, limene palibe mankhwala olicotsa, ndipo litsegulira khomo cifuwa cacikulu. M'caka ca 2019 bwalo lalikulu la milandu ku Johannesburg linabvomereza kuti makampani 6 a migodi apereke R5 biliyoni kwa odwala ndi kwa amasiye, ndipo ndalamazo zinaikidwa m'manja mwa Tshiamiso Trust. Cipepeso tiyamika ndithu. Koma sicibwezera mpweya nkhalamba imene ilephera kukwera culu.

A lero apita pa basi, kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, masiku awiri kapena kuposa, namwa madzi ali onse amene awapeza pa cipata. Tikumbuke kuti kolera anapha anthu oposa 4,000 ku Zimbabwe mu 2008 ndi 2009, ndi oposa 1,700 kwathu kuno mu 2022 ndi 2023. Wa pa ulendo anyamule madzi owiritsa kapena othira klorini, sopo, ndi mapaketi a Thanzi. Cakudya agule cotentha, cocoka pa moto iye akuona. Mapaketi akasowa, asungunule timasupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mcere mu lita imodzi ya madzi abwino.

Johannesburg ali pamwamba, ndipo mu June ndi July cisanu cace ncosiyana ndi cathu. Anthu athu agona ambiri m'kacipinda kamodzi, natseka mazenera, nalowetsa mbaula. Mpweya woipa wa makala sununkha, suoneka; munthu angogona osadzukanso. Ndiponso m'cipinda cotsekeka cotero, mmodzi wodwala cifuwa cacikulu apatsira anzace. Wakutsokomola milungu iwiri akayezetse, asadikire kutha kwa mwezi.

Za malungo tinenepo pang'ono. Munthu wokhalitsa ku Joni, kumene udzudzu wa malungo kulibe, thupi lace liiwala kulimbana nao. Abwera pa Khirisimasi, nthawi ya mbvula, nanyoza neti, nabwerera. Patapita mlungu umodzi kapena iwiri thupi litentha, iye ayesa cimfine. Auze dokotala kuti wacokera ku Malawi, napemphe kuyezedwa magazi tsiku lomwelo.

Koma cimene catilembetsa kalata makamaka ndi ici: ambiri acoka ali pa mankhwala, a TB kapena ma ARV, osatsazika ku cipatala. Mankhwala akatha kumeneko aopa kukaonekera, popeza mapepala ao a ulendo anatha masiku, ndipo angokhala cete. Mankhwala a TB ayenera kumwedwa miyezi 6 yathunthu. Wowasiya pakati apatsa mphamvu kacirombo, kotero kuti mankhwala oyamba aja angaleke kugwira nchito, ndipo matenda amenewo ndiwo adzabwera nao kwa mkazi wace ndi ana ace. Pamene njira ilipo yosabvuta: kuuza a cipatala usananyamuke, kutenga kalata yokusamutsa pamodzi ndi buku lako la kucipatala, ndi kupempha mankhwala okwanira, pakuti wokhazikika bwino pa ma ARV amatha kupatsidwa a miyezi 6. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Cifukwa cace tipempha Mafumu kuti mnyamata kapena mtsikana akadza kudzatsazika, asangomdalitsa, koma amuuze zinthu izi. Ena a ife anatsutsa m'Komiti kuti Mfumu si dokotala, ndi kuti munthu acita manyazi kuulula nthenda yace pabwalo. Tibvomera. Mfumu isafunse munthu cimene adwala, ingonena mau omwewo kwa yense wopita, wodwala ndi wosadwala yemwe, ndi kumtumiza kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzimo. Amene satsazika konse, ankhoswe ao ndi amalume ao amdziwitse Nyakwawa.

Mafumu adze ku msonkhano ndi ciwerengero ca anthu ao amene ali kunja, ndi ca nkhalamba zakale za ku migodi zimene zirikutsokomola, kuti tione za kuzitengera ku cipatala ca Boma.

Ndife anu,
A Komiti.