Si chilembo chilichonse chosaoneka chomwe ndi chinyalala

Pa Khirisimasi yapitayi msuweni wanga anabwera kuchokera ku Johannesburg, komwe amasamalira mapulogalamu a makompyuta akuluakulu aja amawatcha mainframe. Anabwera kudzapuma, koma foni yake sinamve zimenezo. Usiku wina anthu onse atagona ndinamupeza pa tebulo lodyera ali pa laputopu, sikirini ili bii, zilembo zobiriwira zili ndandanda. Fayilo yomwe pulogalamu yawo inatulutsa inali itabwezedwa ndi osindikiza makalata a makasitomala, ati muli zinyalala. Analemba kalamulo kafupi, F P'.', n'kudina. Kompyuta inalumpha mizere yambirimbiri n'kukaima pakati pa dzina la munthu wina, pamalo pomwe panalibe chilembo chowerengeka. Atalemba HEX ON, pansi pa malo aja panatuluka 3F.

"Ndiye chinyalalacho ndi chimenechi?" ndinafunsa.

"Iwe, kagone," anatero. Koma sindinagone, ndipo mpaka lero nkhaniyi sinandichoke m'mutu.

Ine ndimaphunzira zilankhulo ndi mbiri. Kompyuta ndimaidziwira polemba asainimenti basi. Komabe ndikufuna kunena kuti ntchito yofufuza zilembo zolakwika m'mafayilo otere, yomwe imaoneka ngati ya akatswiri a makina okhaokha, ili ndi funso la ife a zilankhulo mkati mwake. Kupeza chilembo chachilendo n'koyenera ndipo n'kosavuta. Chomwe sindikugwirizana nacho ndi chizolowezi chochifufuta mwakachetechete, n'kuikapo mpata, popanda kufunsa kuti chinali chiyani.

Kompyuta sisunga zilembo, imasunga manambala. Byte imodzi imatenga nambala iliyonse kuyambira 0 mpaka 255, ndipo pamakhala tebulo lonena kuti nambala yakuti ndi chilembo chakuti. Mafoni ndi malaputopu athu anachokera ku tebulo la ASCII la 1963, lomwe pambuyo pake linalowa mu Unicode. Makina a mainframe a IBM anayenda njira ina. System/360 italengezedwa mu Epulo 1964 inabwera ndi tebulo lotchedwa EBCDIC, ndipo zidzukulu zake zikuligwiritsabe ntchito m'mabanki, m'makampani a inshuwalansi ndi m'maofesi a boma m'mayiko ambiri. Matebulo awiriwa sagwirizana ngakhale pa mpata wa pakati pa mawu. Mu EBCDIC mpata ndi 64, koma mu ASCII 64 ndi @. Mukadzatsegula fayilo n'kuona ma @ ali mbwee, dziwani kuti yachokera ku mainframe osamasuliridwa.

Chomwe chinandiseketsa ndi chakuti mu EBCDIC afabeti ndi yoduka. A mpaka I ali pa 193 mpaka 201, kenako pali phompho, J akuyambira pa 209. R ali pa 217, phompho linanso, S akuyambira pa 226 mpaka Z pa 233. Chifukwa chake ndi makadi oboola a mizere 80 omwe IBM inkagwiritsa ntchito kalekale, pomwe zilembo zinkagawidwa m'magulu atatu. Makadiwo anatha, koma zipsera zake zilipobe. Wolemba pulogalamu akanena kuti chilichonse cha pakati pa A ndi Z ndi chilembo chabwino, walola manambala 41 pomwe zilembo ndi 26 zokha. Khumi ndi asanu otsalawo alowa ulele.

Ndiye zinyalala zenizeni zilipo, sindikukana. Manambala onse a pansi pa 64 mu EBCDIC si zilembo, ndi malamulo opita kwa makina: tsika mzere, yamba tsamba latsopano, bwerera kumayambiriro. Pulogalamu ya COBOL ikaiwala kuyeretsa malo isanalembemo, mumatsala ziro weniweni, nambala 0, yemwe iwo amati LOW-VALUES. Pa sikirini amaoneka ngati mpata kapena kadontho, koma akafika pa makina osindikizira kapena pa kompyuta ya kampani ina, mzere umaduka kapena fayilo yonse imakanidwa. Zimenezi zipezedwe, ndipo wokonza akakonze pulogalamu yomwe ikuzitulutsa. Pamenepa palibe mkangano.

Vuto ndi lakuti tsache silisankha. Njira yachidule yomwe msuweni wanga anandionetsa, ndipo anati anthu ambiri amathamangira, ndi mzere umodzi wa INSPECT CONVERTING kapena kalamulo ka pulogalamu yosanja mafayilo, konena kuti chilichonse chosasindikizika chisanduke mpata. Ntchito ya mphindi zisanu. Koma taonani izi. Pa mainframe ndalama kawirikawiri zimasungidwa mopanikiza, manambala awiri mu byte imodzi, njira yotchedwa COMP-3. Nambala 250 imasungidwa ngati 25 0C, pomwe C wakumapetoyo akutanthauza kuti si ngongole. Tsoka ilo, 25 ameneyo mu tebulo la EBCDIC ndi lamulo lotsitsa mzere, ndipo 0C ndi lamulo loyamba tsamba latsopano. Kwa wosesa, zonsezi ndi zinyalala. Akasandutsa zonse ziwiri kukhala mipata, zimakhala 40 40, ndipo pulogalamu yodzawerenga nambalayo imagwa ndi uthenga wotchuka uja wa S0C7. Kumeneko ndi kuchita mwayi, chifukwa aliyense wamva kugwako. Akasesa lamulo lotsitsa mzere lokha, zimakhala 40 0C. Imeneyo ndi nambala yabwinobwino, 400. Palibe chogwa, palibe belu lolira. Munthu wa 250 walembedwa 400.

Chitsanzo chimenechi chinandithandiza kuona kuti byte payokha siikhala yolakwika. Imalakwika malinga ndi malo omwe yakhala komanso malinga ndi yemwe akuiwerenga. Ife m'kalasi timanena zomwezo za mawu: "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pa msika amalembedwa chimodzimodzi, chiganizo ndicho chimatiuza. Wofufuza zilembo zolakwika osayang'ana kaye mmene fayilo inagawidwira, kuti apa ndi dzina, apa ndi ndalama, ali ngati mkonzi wokonza buku la chilankhulo chomwe sachimva.

Tsopano tibwerere kwa 3F uja. Ameneyo si chinyalala chobadwa nacho. Ndi chizindikiro chomwe pulogalamu yomasulira matebulo imaika ikakumana ndi chilembo chomwe kulibe malo ake ku tebulo linalo. Ndi mbale wake wa kafunso ka mu dayamondi kamene timakaona pa intaneti tsamba likasokonekera. Tinganene kuti ndi manda a chilembo. Msuweni wanga atatsata komwe dzinalo linachokera, anapeza kuti linali ndi kachizindikiro ka pamwamba kaja timalemba mu Ng'oma kapena ng'ombe. Kowongoka, ka pa kiyibodi wamba, EBCDIC ili nako. Koma Word ndi mafoni ena amakonda kukapinda kuti kaoneke bwino, ndipo kopindikako mu tebulo la EBCDIC 037 mulibe. Munthu analemba dzina lake molondola pa fomu, makina anakongoletsa, makina ena anakwirira. Akanati asese, kalata ikanapita ndi dzina loduka pakati, ndipo tsiku lina mwini wake akanaima pa kauntala akuuzidwa kuti dzina la pa chitupa silikufanana ndi la mu kompyuta.

Ndipo ife a kuno tili ndi chilembo china chovutirapo, ŵ wa mu Malaŵi. Matebulo a EBCDIC ogwiritsidwa ntchito kwambiri, 037, 500 ndi 1047, ali ndi zilembo za Latin-1, zokwanira Chijeremani, Chisipanishi ndi Chipwitikizi. Muli é, muli ñ, muli ü. Mulibe ŵ. Anthu a ku Wales, omwe nawonso amalemba ŵ, anachita kudikira tebulo lina la ISO 8859-14 kuti chilembocho chipeze malo. Ndikudziwa kuti wina anena kuti ife eni ake ambiri tinasiya kale kulemba ŵ m'Chichewa, ndipo n'zoona, ngakhale m'nkhani inoyi sindinamulembe mu "awiri". Koma m'Chitumbuka ŵanthu akadali ŵanthu. Ndiponso kusiya chilembo chifukwa eni chilankhulo agwirizana n'kosiyana ndi kuchisiya chifukwa tebulo lina lopangidwira misika ya kutali linalibe mpando wake.

COBOL ili ndi mayeso okonzeratu, IF dzina IS ALPHABETIC. Amalola A mpaka Z, zazikulu ndi zazing'ono, ndi mpata. Basi. Ng'ambi walephera, O'Brien walephera, José walephera, aliyense wa dzina lolumikiza ndi kamzere walephera. Wolemba pulogalamu wosamala amadzilembera yekha mndandanda wa zilembo zololedwa, mu gawo la SPECIAL-NAMES, pogwiritsa ntchito mawu akuti CLASS. Apa ndi pomwe ndinakhala tsonga. Mndandanda umenewo ndi lamulo la kalembedwe. Munthu mmodzi, mwina ali ndi tulo, mwina sanamvepo Chichewa kapena Chiyoruba, akugamula kuti zilembo zovomerezeka m'dzina la munthu ndi ziti. Mabungwe a zilankhulo amakangana zaka pa nkhani ngati imeneyi. Iye amaimaliza asanamwe tiyi.

Ku Belgium nkhani yotereyi inafika kukhoti. Kasitomala wina anapempha banki yake kuti izilemba dzina lake ndi kachizindikiro ka pamwamba pa e, monga liliri. Banki inakana, ati pulogalamu yawo ndi ya 1995, imayenda pa mainframe ya EBCDIC, ndipo siingathe. Bungwe loteteza uthenga wa anthu m'dzikolo linagamula mokomera kasitomalayo, ndipo mu Okutobala 2019 khoti la apilo ku Brussels linagwirizana nalo, potengera ufulu wokonzetsa zolakwika womwe uli mu gawo 16 la lamulo la GDPR. Chomwe chimandisangalatsa pa mlanduwu n'chakuti é mu matebulo a EBCDIC a ku Ulaya alimo. Makinawo anangosenzetsedwa mlandu. Chokanika chinali chisankho cha anthu omwe analemba pulogalamuyo, ndi ena omwe anaona kuti kuikonza n'kuwononga ndalama.

Msuweni wanga sanandisiye ndipambane mophweka. Anati iwe ukulankhula ngati munthu yemwe sanadzutsidwepo 2 koloko usiku. Ntchito za mainframe zimayenda usiku motsatizana, ina ikamaliza ina iyambe, ndipo m'mawa malipiro a anthu masauzande ayenera kukhala atalowa. Ungaimitse zonsezo chifukwa cha kachizindikiro kamodzi? Anawonjezera kuti ngakhale COBOL ya IBM ya masiku ano imatha kusunga Unicode, ŵ mu UTF-8 amadya mabyte awiri, pomwe malo a dzina anayezedwa kale ndipo mapulogalamu mazana amadalira muyeso womwewo. Ukakulitsa malo amodzi, uyenera kugwira onse. Ndiponso odziwa kuwagwira ndi ochepa. Mu Epulo 2020, bwanamkubwa wa New Jersey, Phil Murphy, anachita kupempha poyera anthu odziwa COBOL kuti athandize pomwe makina olipira anthu ochotsedwa ntchito anathedwa mphamvu.

Zonsezi ndazimva ndipo sindikupempha kuti malipiro aime. Pempho langa ndi laling'ono kuposa pamenepo. Pulogalamu yofufuza ikapeza chilembo chachilendo, ilembe penapake: mzere wakuti, malo akuti, nambala yake ndi iyi, ndipo tasintha kukhala ichi. Iyang'ane malo a mawu okha, a ndalama iwasiye. Pomwe pali chofanana nacho chodziwika, kopindika kasanduke kowongoka, ŵ asanduke w, osati mpata kapena funso, ndipo kalembedwe koyambirira kasungidwe kwina. Kenako m'mawa munthu wamoyo awerenge mndandandawo. Ntchito ya usiku ipitirire, koma chomwe chatayika chidziwike kuti chatayika. Zimenezi sizifuna makina atsopano. Zimafuna kuti wina aone kuti n'zofunika, ndipo mwina wina ameneyo ndi mmodzi wa ife omwe timafunsidwa tsiku ndi tsiku kuti digiri ya zilankhulo tidzadya nayo chiyani. Ena mwa inu mudzalowa ntchito m'mabanki, m'maofesi olembetsa anthu, m'mabungwe osunga mayina a odwala kapena a ophunzira. Tsiku lina pa msonkhano wina adzati tangoyeretsani detayo. Mudzafunse kuti chotayidwacho n'chiyani, ndipo mudzapemphe kuchiona.

Usiku uja msuweni wanga sanasese. Anasintha 3F uja kukhala 7D, kachizindikiro kowongoka, anafufuzanso mpaka kompyuta inati palibe china, n'kutumizanso fayilo. Kenako analembera anzake kuti akonze pomwe mayina amalowera, kuti kopindikako kaziwongoledwa kasanafike ku mainframe. Akutseka laputopu ndinamufunsa kuti m'zaka zonse zomwe pulogalamuyo yakhala ikuyenda, ndi mayina angati omwe anaduka osapezeka. Anayasamula n'kunena kuti fayilo ina ya mwezi ndi mwezi ili ndi tsache lake lomwe linaikidwa iye asanayambe ntchito, ndipo silinalembepo chilichonse chomwe linasesa.