Mphunzitsi Wachilendo Akhale Nafe, Asangodutsa

Awerengi athu a ku Mangochi, Monkey Bay, Malindi ndi Namwera adziwa bwino munthu amene tifuna kukamba za iye lero. Ndiye mnyamata kapena msungwana wa ku Ulaya kapena ku America amene wasiya kwao nadza kuno kudzaphunzitsa ana athu Chingerezi. Ena amlandira ndi manja awiri, ena amuyang'ana ndi diso lokayika, nati kodi aphunzitsi athu anatha kuti tichite kuitana alendo? Ife tiganiza kuti mlendo wotere ali ndi phindu, koma phindulo lioneka pokhapokha iye akakhala pakati pathu nthawi yokwanira, nadya zimene tidya, naphunzira kulankhula monga tilankhulira.

Nkhani imeneyi si ya lero m'boma la Mangochi. Mu 1875 amishoni a ku Scotland, pamodzi ndi Dr Robert Laws, anamanga Livingstonia yoyamba ku Cape Maclear, natsegulapo sukulu. Malungo anawapha ena mwa iwo, ndipo manda ao alipo kufikira lero, kotero kuti mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Pambuyo pake amishoni a UMCA anakhazikika kwa Mponda ndi ku Malindi, kumene tsopano kuli sukulu ya asungwana ya St Michael's. Bungwe la VSO linayamba ku Britain mu 1958, ndipo mu 1961 Pulezidenti John F. Kennedy anakhazikitsa Peace Corps, imene aphunzitsi ake oyamba anafika m'dziko muno mu 1963, ufulu wa pa 6 July 1964 usanabwere. Nthawi imeneyo sukulu za sekondale zinali zowerengeka, ndipo Amalawi okhala ndi madigiri anali ochepa ndithu, chotero alendowo anatseka mpata umene ife eni sitikanautseka tokha.

Chifukwa chimene Chingerezi chili nkhani yaikulu chotere n'chodziwika kwa kholo lililonse. Kuyambira mu 1968 Chichewa ndicho chinenero cha fuko, koma Chingerezi ndicho cha m'maofesi, m'makhoti akuluakulu ndi m'mayeso. Mwana amene walephera Chingerezi pa mayeso a MSCE salandira satifiketi, ngakhale atakhoza masamu ndi sayansi. Tsono taganizani za mwana wa kwa Makanjira kapena kwa Jalasi. Kunyumba alankhula Chiyao, kusukulu apeza Chichewa, masana apita ku madrasa kukawerenga Chiarabu, ndipo pamwamba pa zonsezi tifuna kuti alembe chimangirizo m'Chingerezi chimene sanamvepo munthu akuchilankhula pamsika kapena padoko. Mwana wotere si wopusa konse. Chimene asowa ndi munthu wolankhula naye Chingerezi tsiku ndi tsiku, ndipo apa ndi pamene mlendo athandiza.

Koma tiyenera kunena poyera kuti moyo wa mphunzitsi wachilendo kunyanja si wa tchuthi ai. Nyumba imene apatsidwa kawirikawiri ndi yofanana ndi ya aphunzitsi anzake, ya njerwa ndi malata, imene mu Okutobala ndi Novembala itentha ngati ng'anjo. Madzi akatunga kumjigo, chakudya aphika pambaula, ndipo kumene magetsi sanafike awerenga makope a ana ndi nyali ya sola. Agona m'masikito chifukwa udzudzu umene unasautsa amishoni a Cape Maclear udakalipo, ndipo achenjezedwa za likodzo m'madzi odekha a m'mphepete mwa nyanja. Ndiwo zake ndi usipa, utaka, nyemba ndi masamba, pakuti chambo chinakwera mtengo ngakhale kwa eni nyanja. Akafuna kupita ku boma akwera kabaza kapena matola, nadikira kuti galimoto idzaze. M'kalasi apeza ana ochuluka koposa amene anawaonapo kwao, asanu kapena kuposa akulimbirana buku limodzi.

Palinso zina zimene sanaphunzire kukoleji ya kwao. Usipa ukagwa, anyamata ena sabwera kusukulu chifukwa agona panyanja ndi chilimira. Ena mtima wao uli ku Joni, kumene akulu ao anapita nabwerako ndi njinga zamoto ndi malata. Asungwana ena aleka sukulu chifukwa cha ukwati kapena pakati. M'mwezi wa Ramadan ana ambiri afika m'kalasi osadya, ndipo Lachisanu masana anthu apita kumzikiti. Mlendo amene sadziwa zimenezi adzayesa ana athu aulesi, nadzalembera abale ake kuti anthu a kuno safuna sukulu. Koma amene wakhala chaka chathunthu, naona mwera ndi mvula, nakhala nawo pamaliro a mwana wa sukulu, adzadziwa pamene pali vuto lenileni, ndipo adzatha kupita ndi ahedi kwa mfumu ndi kwa shehe kukakambirana za mwana amene wasowa m'kalasi.

N'chifukwa chake tiyamikira mabungwe amene atumiza mphunzitsi kwa zaka ziwiri, atayamba amkhazika pabanja la m'mudzi miyezi ingapo kuti aphunzire chinenero ndi mwambo. Mphunzitsi amene m'mawa apereka moni kwa nkhalamba kuti “Ajimwiche uli?” watsegula khomo limene Chingerezi chokha sichikanatsegula. Ndiponso amene wavutika yekha ndi Chichewa, nasekedwa ndi ana polakwitsa mau, adziwa manyazi amene mwana amva poyesa kulankhula Chingerezi, ndipo sadzamkalipira posokoneza “l” ndi “r”, zimene m'zinenero zathu sizisiyanitsa mau.

Chimene sitigwirizana nacho ndi mchitidwe umene wakula m'malo a alendo monga Cape Maclear, woti munthu wodzaona nyanja, amene sanaphunzirepo zauphunzitsi, alowe m'kalasi masabata awiri kapena atatu, ajambulitse zithunzi ndi ana, nabwerera kwao. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, koma mame sakulitsa chimanga. Ana azolowera nkhope yatsopano, mphunzitsi wao weniweni aima pambali, silabasi iima, ndipo mlendo akachoka kalasi ibwerera pamene inali. Kulankhula Chingerezi chobadwa nacho si kudziwa kuphunzitsa ai, monganso si Mchewa aliyense angaphunzitse galamala ya Chichewa. Kwao kwa alendowo palibe sukulu imene ingalole munthu wapaulendo kulowa m'kalasi popanda kufufuza mbiri yake, ndipo ana a Mangochi sali otsika kuposa ana a London kapena Boston.

Ena adzati, nanga bwanji osaleka alendo onse, popeza aphunzitsi athu amene anatsiriza maphunziro ku Domasi ndi m'makoleji ena akhala nthawi yaitali akudikira ntchito? Funso limeneli n'lolemera ndipo sitilipeputsa. Pamene sukulu za pulaimale zinakhala zaulere mu 1994, ana anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni, ndipo mu 1998 panabadwa sukulu za sekondale zoyendera za m'midzi, zotchedwa CDSS, zimene zambiri zinayamba ndi aphunzitsi ochepa. Mpata waukulu chotere sungatsekedwe ndi alendo, ndipo chaka cha 2020 chinatiphunzitsa zimenezi, pamene Peace Corps inabweza anthu ake onse padziko lapansi m'mwezi wa Malichi chifukwa cha mliri wa Covid-19. Sukulu imene inatsamira pa mlendo inatsala padzuwa. Chotero mlendo asatenge malo a Mmalawi. Agwire ntchito pambali pa mphunzitsi wathu, akonze naye maphunziro, ayambitse naye kalabu ya mtsutso ndi kabungwe kowerenga mabuku, kuti pochoka asiye luso m'manja mwa munthu wokhala.

Mlendo nayenso akumbukire kuti ali kwa eni. Paul Theroux, amene pambuyo pake anatchuka polemba mabuku, anali mphunzitsi wa Peace Corps ku Soche Hill ku Blantyre, ndipo anachotsedwa m'dziko muno mu 1965 atakhudzidwa ndi nkhani za ndale zimene zinatsata kugawanika kwa nduna mu 1964. Masiku amenewo anapita, ndipo lamulo la mavalidwe la mu 1973 linathetsedwa kalekale, koma ulemu sunathetsedwe. Mphunzitsi wamkazi amene amanga chitenje popita kumudzi, ndi wamwamuna amene saoneka ataledzera pagombe pamaso pa ana ake a sukulu, adzamvedwa m'kalasi koposa amene ayesa kuti kunyanja zonse n'zololedwa.

Pempho lathu tsono lipita kwa akuluakulu a maphunziro m'boma la Mangochi, kwa ahedi ndi makomiti a sukulu. Mlendo aliyense wofuna kuphunzitsa ayambe waonetsa mapepala ake ndi chilolezo cha Boma chogwirira ntchito. Amene sangakhale chaka chathunthu cha sukulu asapatsidwe kalasi yakeyake, koma athandize mphunzitsi amene alipo. Ndipo alendo asaunjikane pamene pali mahotela pokha, afikenso kwa Makanjira ndi ku Katuli, kumene mwana amva Chingerezi pawailesi pokha. Kwa makolo ndi mafumu tinena kuti mlendo amene wavomera zimenezi musamsiye yekha m'nyumba ya malata. Muitaneni kuukwati ndi kusadaka, mphunzitseni Chiyao, ndipo mumuuze mosabisa akalakwa. Paja akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumoko kameta bwino eni mudzi akamuonetsa pometa.