Tisanagule Kabokosi ka Intaneti, Tiyambe Tafunsa

Amayi anzanga, masiku ano m'makomo ambiri muno mwa Kameza, ku Machinjiri ndi ku Chirimba mwabuka pempho limodzi: ana akufuna intaneti pakhomo. Wina akuti aphunzitsi amatumiza ntchito pa WhatsApp, wina akufuna kufunsira ntchito, ndipo ife eni timalakalaka kuonana pa foni ndi abale athu a ku Johannesburg. Chiyambire 2020, pamene sukulu zinatsekedwa chifukwa cha matenda a Covid-19, intaneti inaleka kukhala ya anthu a m'maofesi okha. Koma popeza ndalama yake imachokera m'thumba lomwelo logulira ufa, makala ndi sopo, si bwino kuti mayi aime patali n'kumati izi n'za abambo ndi anyamata. Akulu anati safunsa anadya phula.

Poyamba tidziwe mayina awiri amene ogulitsa amakonda kutchula, modemu ndi rauta. Modemu ndi chipangizo cholandira intaneti kuchokera kunja, monga paipi ya Blantyre Water Board imabweretsera madzi pakhomo. Rauta ndiyo imagawa intanetiyo ku mafoni ndi makompyuta a m'nyumba popanda nthambo, ndipo kugawa kumeneku ndiko amati Wi-Fi. Zipangizo zambiri zimene tikuona m'masitolo a ku Limbe ndi mu Blantyre zili ndi zonse ziwiri m'kabokosi kamodzi kolowetsamo simu khadi. Choncho wina asakugulitseni zinthu ziwiri pamene chimodzi chikukwanira.

Timabokosi timeneti tilipo ta mitundu iwiri. Pali kakang'ono kotchedwa MiFi, kokwana m'chikwama cha m'manja, kokhala ndi batire yakeyake. Pali china chokulirapo chokhazika pa tebulo, chimene chimafika patali m'nyumba ndi kutumikira anthu ambiri, koma kawirikawiri chimadalira magetsi. Iliponso intaneti ya nthambo, imene sinafike m'makwalala onse, ndi ya Starlink yochokera mumlengalenga, imene inayamba m'Malawi mu 2023, koma mtengo wake ndi wolemera kwa mabanja ambiri a ife.

Funso loyamba lisakhale la mtengo kapena la maonekedwe. Likhale ili: kodi ndi netiweki iti imene imagwira bwino m'nyumba mwanga? Mzinda wathu ndi wa mapiri. Phiri la Ndirande, la Michiru, la Soche ndi la Bangwe, pamodzi ndi zigwa zake, zimachititsa kuti netiweki yogwira bwino pa mphambano ya Kameza ivute kwa mnzanu wokhala kumunsi kwa dambo. Musagule chifukwa choti mlamu wanu wa ku Zingwangwa akuyamikira. Bwerekani foni ya TNM ndi ina ya Airtel, muziyese m'chipinda chochezera ndi m'zipinda zogona, m'mawa ndiponso madzulo pamene anthu ambiri aweruka ndipo netiweki yalemedwa. Onani ngati pa foni pakulembedwa 4G, ndipo yesani kuimbira munthu moonana nkhope. Kumene mawu ndi chithunzi sizikudukaduka, kumeneko ndiko kogula. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Funso lachiwiri ndi la magetsi. Tonse tikukumbukira mdima umene unatigwera namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022. Malowo anakonzedwa mu 2023, komabe magetsi amathima ndithu nthawi ndi nthawi. Rauta ya pa tebulo imazima pamodzi ndi babu, mwana ali pakati pa ntchito ya kusukulu. Ngati kwanu magetsi amavuta, kapena mumadalira sola monga alongo athu a kumudzi, MiFi ingakuthandizeni koposa, pakuti imatchajidwa ngati foni. Ofuna ya pa tebulo afunse ngati ili ndi batire m'kati, apo ayi aikepo ndalama ya kabatire kosungira moto. Mvula ya ziphaliwali ikayamba, zulani pulagi.

Funso lachitatu ndilo lalikulu kwa ife osunga chuma cha pakhomo. Kabokosi timagula kamodzi, koma bandulo timagula mwezi ndi mwezi. Walira mvula walira matope. Musanapite kusitolo, khalani pansi ndi bambo a kunyumba, muwerengere ndalama imene mungapatule pa mwezi popanda kukhudza fizi ndi lendi. Dziwani kuti mauthenga olemba amadya pang'ono zedi, koma makanema ndiwo amameza: ola limodzi la kanema wooneka bwino lingathe kudya pafupifupi 1 GB. Bandulo iliyonse ili ndi masiku ake, ndipo ina ikauzidwa kuti ndi yopanda malire, funsani ngati liwiro lake silitsika mukafika pa mlingo wina. Mwezi woyamba gulani yaing'ono, muone mmene banja lanu likudyera.

Mukafika pogula, kumbukirani chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Nyanga zambiri ndi timagetsi tothwanima sizitanthauza kuti chipangizo n'chabwino. Funsani ngati chinatsekeredwa ku kampani imodzi kapena chimalola simu khadi iliyonse. Chotsekeredwa chimatsika mtengo nthawi zambiri, koma mukadzasamukira ku Bangwe n'kupeza netiweki yake ikuvuta, mudzagulanso china. Funsani kuti chimalola mafoni angati nthawi imodzi, ndipo chikaonongeka msanga mudzachibweza kwa yani. Wogulitsa achiyatse inu mukuona, ndipo lisiti mulisunge pamodzi ndi makadi a kusikelo. Tengani chitupa chanu cha unzika, pakuti kuyambira 2018 simu khadi iliyonse imayenera kulembetsedwa. Ilembedwe m'dzina lanu kapena la bambo, osati la mnyamata wogulitsa. Kampani ikalephera kumva dandaulo lanu, bungwe la MACRA ndilo loyang'anira nkhani zimenezi m'dziko muno.

Pofika nacho kunyumba, musachibise m'kabati kapena kuseri kwa firiji poopa fumbi. Zitsulo ndi makoma ochindikala a njerwa zimafooketsa mphamvu yake. Chiikeni pamalo okwera, pafupi ndi zenera, kutali ndi mbaula ndi manja a makanda. Tsiku lomwelo sinthani nambala yachinsinsi imene chinabwera nayo, muike ina yovuta kulota, osati dzina la mwana kapena chaka chobadwa. Mukapatsa mmodzi wa kunja, mawa mzere wonse wa nyumba udzakhala ukudya bandulo yanu. Ngati mwagwirizana kugawana ndi oyandikana nawo, panganani za kusonkha poyera, kuti chinansi chisathere pa intaneti.

Chotsiriza, mayi adziwe yekha kuyatsa, kuzimitsa ndi kuona bandulo yotsala. Musachite manyazi kuphunzitsidwa ndi mwana wanu. Ikani lamulo la nthawi yozimitsa usiku, ndipo ana aang'ono agwiritse ntchito intaneti pabalaza pamene maso anu akufika, chifukwa khomo lolowera maphunziro ndi lomwelo lolowera zoipa ndi akathyali onamiza anthu kuti apata mphoto.

Nkhaniyi mukaikambirane m'magulu anu sabata ino, ndipo amene anagula kale afotokozere anzawo zimene anaona. Tsalani bwino, amayi, tidzachezanso sabata yamawa.