Kalata ya Abusa pa za Nkhondo ya ku Sudan



Takulemberani za abale athu a ku Sudan, amene tsoka lawo layamba kuiwalika ngakhale m'mapemphero athu.

Mu Disembala 2018 mtengo wa buledi utakwera, anthu a ku Atbara anakhamukira m'misewu. Zionetserozo zinafalikira dziko lonse mpaka pa 11 Epulo 2019, pamene Omar al-Bashir, yemwe analamulira mwankhanza kuyambira 1989, anachotsedwa pampando. Koma amene anamutsitsa tsikulo anali akuluakulu ake omwe a asilikali, ndipo mfuti zinatsala m'manja mwawo. Pa 3 Juni chaka chomwecho, anthu ambirimbiri amene ankachita m'bindikiro ku Khartoum pofuna boma la anthu wamba anaphedwa. Mu Okutobala 2021, mkulu wa asilikali a boma Abdel Fattah al-Burhan ndi mkulu wa gulu lina la asilikali Mohamed Hamdan Dagalo anagwirizana kugwetsa boma la nduna yaikulu Abdalla Hamdok. Pa 15 Epulo 2023 awiriwo anatembenukirana okhaokha, ndipo anthu oposa 10 miliyoni athawa m'nyumba zawo.

Zokambirana sizinasowe ayi. Ku Jeddah, pa 11 Meyi 2023, mbali ziwirizi zinasaina kuti ziteteza anthu wamba ndi kulola thandizo kudutsa, koma kuomberana sikunaleke. Mu Ogasiti 2024 zinaitanidwanso ku Switzerland, asilikali a boma osapitako, ndipo mwezi womwewo akatswiri anatsimikiza kuti pamsasa wa Zamzam ku Darfur pagwa njala yopha anthu.

Chimene chikutiwawa ife ndi ichi: pabwalo la zokambirana amapatsidwa mpando okhawo onyamula mfuti. Nanga achinyamata amene lero akusonkherana ndalama, n'kutereka miphika ikuluikulu ya nyemba m'makwalala kuti oyandikana nawo adye kamodzi patsiku, mawu awo akumveka kuti? Ena mwa iwo amangidwa, ena aphedwa ali pa ntchito yomweyo. Iwowa ndiwo anagwedeza ulamuliro wa Bashir, komabe tsogolo la dziko lawo likukambidwa iwo kulibe, pamene mayiko ena akunja akupitiriza kutumiza zida mwamseri.

Choncho tikupempha maboma athu kuti ku African Union aumirire zoti amayi, achinyamata ndi atsogoleri a Chisilamu ndi Chikhristu a ku Sudan akhale nawo pa zokambirana zilizonse, komanso kuti mayiko otumiza zida atchulidwe maina poyera.

Lamulungu likudzali, mipingo yonse ipempherere Sudan, ndipo chopereka chachiwiri chipite kwa othawa nkhondo amene ali m'misasa ku Chad ndi ku South Sudan.

Ife, abusa anu mwa Khristu.