Voti ya m'envelopu ndi ufulu wa anthu a m'komboni

Chisankho chikayandikira, funso lina silisowa pamisonkhano ya alangizi ndi alimi ku Mazowe, Banket ndi Marondera: n'chifukwa chiyani nkhalamba ndi odwala a m'mafamu amayenda mtunda wautali kukaima pamzere, pamene apolisi amavota kudzera pa positi? Funsoli ndi lomveka, koma tisanayambe kusirira njirayi tiyenera kudziwa mmene imayendera.

Kuyambira mu 2008, chisankho cha makhansala m'Zimbabwe chimachitika pamodzi ndi cha pulezidenti ndi aphungu. Lamulo la zisankho limalola anthu ochepa okha kuvota pa positi: apolisi, asilikali ndi ogwira ntchito zachisankho amene adzakhale pantchito tsikulo, komanso otumikira boma kunja kwa dziko pamodzi ndi akazi kapena amuna awo. Munthu amayamba wapempha ku bungwe la ZEC. Akavomerezedwa amalandira mapepala ovotera, amachonga payekha, n'kuwamata m'maenvelopu, ndipo amayenera kuwabweza tsiku lachisankho lisanafike kuti akawerengedwe kudera kumene iye adalembetsa. Abale athu amene akugwira maganyu ku Johannesburg mwayi umenewu alibe. Mu 2018 khoti la malamulo aakulu a dziko lidakana pempho loti nzika zokhala kunja zizivotera komweko.

Kumaiko ena njirayi ndi ya aliyense. Ku New Zealand, mizinda monga Auckland ndi Wellington imasankha meya ndi makhansala ake pa positi: wolembetsa aliyense amalandira mapepala kunyumba kwake. Dera la Oregon ku America lidavomereza mu 1998 kuti zisankho zake zizichitika motere, ndipo kumeneko amafananitsa siginecha ya pa envelopu ndi imene munthu adasaina polembetsa. Zimenezi zimatheka chifukwa wovota ali ndi keyala yakeyake ndipo kalata imafika m'manja mwa mwini wake. Komabe positi si mankhwala a ulesi wa kuvota, pakuti mu 2022 ovota pachisankho cha makhonsolo ku New Zealand sadakwane theka la olembetsa.

Tsono taganizani za m'komboni. Akuluakulu amene adachokera ku Dedza, Ntcheu kapena ku Tete akukumbukira mmene kalata ya kumudzi inkafikira. Inkagwera m'thumba la positi la mwini famu, n'kudzera kwa kalaliki, mwina kwa kapitawo, isanafike kwa mwini wake. Pepala lovotera litayenda njira yomweyo, ndani angaletse wogawa makalata kunena kuti aliyense achongere pamaso pake? Chiyambireni kugawidwa kwa mafamu mu 2000, ambiri mwa antchito akale akukhalabe m'nyumba zimene zili pamalo a eni ena. Munthu amene denga lake lili m'manja mwa wina savuta kuopseza.

Nkhawa imeneyi si yongopeka. Mu July 2018, zipani zotsutsa zidadandaula kuti apolisi a ku Ross Camp ku Bulawayo ankachonga mavoti awo a pa positi akuluakulu awo ali pomwepo. Ngati kukayikira kotere kudabuka pakati pa anthu ophunzira odziwa malamulo, nanga kwa mayi wosankha fodya m'shedi kungakhale bwanji? Kachipinda kovotera, ngakhale kali kutali, n'komwe munthu wosauka amakhala yekha ndi mtima wake.

Tisaiwalenso kuti ufulu umenewu udabwera movutikira. Mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, antchito a m'mafamu sankaloledwa kusankha makhansala a kumidzi chifukwa analibe malo awoawo. Lamulo la unzika la mu 2001 lidachotsanso ambiri obadwa kwa makolo a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia m'kaundula wa ovota, ziphaso zawo zikuwatchula kuti ndi alendo. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013, pagawo 43, adakonza zimenezi: munthu wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanakhazikitsidwe, amene kholo lake lidali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC ndipo iye ankakhala m'dziko muno, ndi nzika yobadwa. Mu November 2017 khoti lalikulu lidalamula kuti anthu otere aloledwe kulembetsa.

Choncho ntchito ya alangizi ili poyera. Thandizani amene ziphaso zawo zikadali zolembedwa kuti ndi alendo kuti akasinthitse ku ofesi ya ziphaso. Kumbutsani anthu kukaona maina awo m'kaundula, popeza kuyambira mu 2018 munthu amavotera pamalo pomwe adalembetsedwa. Uzani osatha kuwerenga ndi olumala kuti lamulo limawalola kusankha okha munthu wowathandiza, osati kusankhiridwa. Ndipo midzi ipemphe ZEC, nthawi ikadalipo, kuti malo ovotera akhale pafupi.

Khansala ndiye amakafikitsa kukhonsolo nkhani ya mjigo woonongeka, msewu wokumbika ndi chipatala chakutali. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Voti ya pa positi ikadali pachala, koma chiphaso ndi dzina m'kaundula tingathe kuzikonza chaka chino.