Nsomba sizidzazolowera majumbo athu

Ena amati nsomba zidzazolowera pulasitiki ngati momwe zinazolowerera zakudya zina. Ine ndikukana.

N'zoona, nsomba za m'nyanja ya Malawi zinasintha malinga ndi zomwe zimadya. Mbuna zodya ndere za pamiyala zili ndi matumbo aatali, pomwe ncheni, zodya nsomba zinzake, zili ndi aafupi. Mabakiteriya a m'matumbomo, othandiza kugaya chakudya, nawonso amasiyana. Komatu kusinthaku kunatenga zaka masauzande ambirimbiri. Pulasitiki ngwadzulodzuloli.

Kumbukirani phunziro la density. Jumbo ndi yopepuka kuposa madzi, ndiye imayandama n'kupita kutali. Dzuwa limaiphwanya kukhala tizidutswa tosakwana mamilimita 5, koma kuwola ayi. Nsomba imameza poyesa chakudya, mimba n'kudzaza, thupi osapindula kanthu.

Mwina mukuti, "Aphunzitsi, nyanjatu ili kutali." Mtsinje wa Bua umayambira kuno ku Mchinji n'kukathira m'nyanja ku Nkhotakota, ndipo nsomba za mpasa zimakwera mtsinjewu kukaswana. Boma linaletsa majumbo opyapyala osakwana ma micron 60 mu 2015, koma m'misika tikuwaonabe. Mvula yoyamba ikagwa, katsatireni ngalande ya pamsika muone komwe akulowera.