MDIMA UWU SI CHIWANDA, ABALE ANGA

Abale ndi alongo, lero ndiyankhula mosapsatira. Amene akwiye akwiye.

Lachiwiri ndinakumana ndi mayi wina wa mumpingo mwathu kuno ku Mphunzi, thumba la chimanga pamutu, mwana kumbuyo, akuchokera kuchigayo. Anadikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, magetsi osayaka. Ana anagona ndi mbatata yophika basi. Madzulo m'bale wina n'kundiuza kuti, "Abusa, tiyeni tidzudzule mzimu wa mdima." Ndinamuyankha kuti ayi! Tisamanamizire Satana zinthu zimene tikuchita ndife anthu.

Tamverani. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi, Shire: ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. EGENCO ndiyo imapanga, ESCOM n'kumagawa. Mu Januwale 2022 namondwe Ana atawononga damu la Kapichira, tinataya mamegawati pafupifupi 130, dziko lonse n'kulowa mumdima wosinthanasinthana kwa nthawi yoposa chaka. Mtsinje umodzi ukadwala, tonse tagona. Chimenecho ndi chiwanda kapena kusakonzekera?

Nafenso tisadziyeretse. Timagwetsa mitengo kuotcha makala, mvula n'kukokolola dothi, matope n'kukadzaza madamu. Ena amaba mafuta a m'mathiransifoma ndi mawaya usiku, ogula ake ndife tomwe, Lamulungu n'kudzakhala kutsogolo m'tchalitchi. Manyazi bwanji!

Koma atsogoleri, inunso imvani. Ku Golomoti, m'boma lathu lomwe lino la Dedza, kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20. Nanga bwanji midzi yambiri ya kuno kumapiri ikuunikirabe tochi ya foni? Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndizo zinali ndi magetsi. Wakumudzi si Mmalawi kodi? Wometa, wowotcherera zitsulo, mwana wa Fomu 4 amene akuwerenga usiku, onsewa amavota.

Tsono ndikupempheni zitatu. Pamsonkhano wa chitukuko, funsani khansala ndi phungu kuti MAREP ifika liti m'mudzi mwanu, ndipo akupatseni chaka, osati kumwetulira. Musagule waya wakuba, ngakhale atchipe bwanji. Mvula ikagwa, banja lililonse libzale mitengo.

Kupemphera tipemphera ndithu, koma thiransifoma yobedwa siibwerera ndi kusala kudya.

Lembani m'munsimu dzina la mudzi wanu ndi maola amene magetsi anathima sabata ino. Ndikufuna ndikawapatse atsogoleri pamanja.